Wopala Maina pa Magalasi

Lolemba m'mawa kuno ku Ohio, chipale chofewa chayala mbee mumsewu wa Kessock.
Ndaimika makwerero pakhomo pa lesitilanti ya Mayi Szarek.
M'thumba muli lumo latsopano
ndi kalata yochokera ku ofesi ya nyumba za yunivesite:
zenera likhale loyera pofika Lachitatu.

Dzina ili ndinalilemba ndine,
zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, dzanja lisanayambe kunjenjemera.
S uyu ndinamukhota kawiri.
Woyambayo Bogumila anamukana,
ati akuoneka ngati nyongolotsi yodwala.
Anandilipira theka, theka linalo ndinalidya:
supu wofiira miyezi itatu, ndi buledi wakuda wouma m'mbali.

Lero ndayambira kwa K wakumapeto.
Utoto wagolide suchoka mwaulemu,
umalira pansi pa lumo, kwee, kwee,
n'kuyoyokera pa nsapato ngati mamba a nsomba.

Mkatimo mipando yagona pamatebulo, miyendo m'mwamba.
Ulises, amene watsuka mbale muno chibadwire mwana wake woyamba,
akukulunga matambula m'nyuzipepala zakale.
Wotchi yapakhoma ikuyendabe.
Palibe amene waiuza.

Yunivesite sinabwere ndi phokoso.
Inabwera ndi mapepala, ndi anyamata aulemu ovala mataye.
Inayamba yagula nyumba ya wosoka nsapato,
kenako ya Lindqvist wogulitsa misomali ndi maloko,
kenako mdadada wonse,
lendi n'kufufuma ngati mkaka woiwalika pamoto.
Ati msewu uzikongola makolo akamabwera kudzaona sukulu.
Ati chitukuko.
Sindikutsutsa: magetsi amumsewu akuyakadi tsopano,
ndipo dzenje lomwe linandithyolera tayala analikwirira.

Koma chaka chino chokha ndapala maina asanu ndi anayi.
Delroy wometa tsitsi. Ochapa zovala a banja la Huynh.
Kanyumba ka nkhuku yokazinga komwe oyendetsa mabasi
ankawothera manja usiku wa pakati.
M'malo mwawo mukulowa masitolo a dzina limodzi dziko lonse.
Zikwangwani zawo zimabwera m'makatoni,
zapulasitiki, zoyaka zokha,
zosafuna burashi, zosafuna ine.

Ophunzira sindidana nawo. Mlendo ndi mame.
Zaka zinayi, chipewa m'mwamba, ulendo ulipo.
Ambiri anadya muno pangongole mayeso atawapanikiza,
Bogumila n'kumalemba m'kope lobiriwira
lomwe sankaliwerenganso.
Akuti mmodzi wa iwo ndiye anasaina kalata ili m'thumbayi.
Kaya. Msewu uno umayankhula zambiri ukamva njala.

Ikafika Juni sukulu imatseka, ndipo kuno kumangoti zii.
Khofi wa madola asanu ndi awiri amasowa womumwa,
ife otsalira timakwera basi mphindi makumi anayi
kukagula babu limodzi.

Chakumasana Bogumila watuluka ndi kapu ya tiyi,
epuloni ili m'chiuno ngakhale chitofu anachinyamula Loweruka.
Wayang'ana m'mwamba, dzanja pamphumi.
“Zatsala zingati, Anselm?”
“Ziwiri, mayi. S ndi Z.”
“Z chotsa, sindinamukondepo.
S musiye agone pomwepo.
Uja ndinamulipira ndi supu wambiri.”

Kalata ikuti Lachitatu, sikuti lero.
Ndapala Z, ndapukuta galasi, ndatsika.
Tiyi wazizira kale, koma ndamwa.

Ndikumangirira makwerero pagalimoto,
atsikana awiri a zikwama zamabuku aima pazenera.
Wina waloza S wotsalayo, akunyezimira yekha pagalasi loyera.
“Eee, akutsegula malo atsopano!”
Watulutsa foni, wajambula.
Bogumila ali kumbuyo kwawo ndi makiyi m'manja,
akudikira kuti amalize
kuti adutse akakhome chitseko.