Mphindi Khumi Zoyamba

Nkhungu ya mtsinje wa Tejo sinachoke pa Golegã.
Mchenga wa m'bwalo wagona ndi chisanu,
ndipo Junco watuluka m'khola
ngati munthu wodzutsidwa maloto asanathe:
khosi gwa, msana wotukumuka pansi pa chishalo,
mphuno zikufuka nthunzi.

Lamba wa pamimba ndangomanga mwachiphamaso.
Amatupitsa dala mimba, tambwali ameneyu.
Ndidzakunga akaiwala.

"Muyendetse," akutero a Amândio atatsamira mpanda,
kapu ya khofi m'dzanja loperewera chala chimodzi.
"Mphindi khumi. Zingwe uzilekerere.
Usamupemphe kanthu."

Ndiye tikuyenda.
Kudutsa pachipata, kudutsa pa mgolo wa madzi,
kudutsa pangodya pomwe amaonapo chilombo tsiku ndi tsiku
chonsecho ndi thumba la udzu.
Ziboda zinayi, mawu anayi,
phwa, phwa, phwa, phwa,
koma lachinayilo likuchedwa pang'ono,
mwendo wakumbuyo wakumanzere ukadali mtulo.

Ndikuwerenga mitengo ya maolivi kuseri kwa mpanda.
Dokowe waima pa chumuni cha nyumba ya chigayo.
Sindikuyang'ana pakati pa bwalo.
Pamenepo ndi pomwe ndinagwera mu Novembala,
tsiku lomwe ndinati nthawi yatha,
ndikumuthamangitsa thupi lili lozizira.
Anapinda msana kamodzi kokha.
Fupa la paphewa linalira ngati nkhuni youma,
ndipo iye anaima pambali panga
akununkhiza chipewa changa mumchenga.

"Tembenuka. Dzanja linalo."

Tikutembenuka.
Bwalo lalikulu, kenako laling'ono,
kupinda kumanja, kupinda kumanzere,
monga mmene umafewetsera nsapato yachikopa yatsopano.
Khutu limodzi lapita kutsogolo,
linalo latsalira kwa ine, likumvetsera,
sindikudziwa kuti likumva chiyani.

"Graciete," akuitana mkuluyo, osakweza mawu,
"kodi mpweya umenewo ukusungira ndani?"

Sindinadziwe.
Mawondo anga akanirira chishalo ngati pulayala,
mano alumana,
phewa lopolalo lakwera kufika kukhutu.
Ndikuutulutsa, wonse,
mpweya wa miyezi iwiri.

Junco akutsitsa mutu mpaka pansi,
akufwenthera, phrrr, kawiri,
malovu oyera pa chitsulo cha m'kamwa.
Msana uja wayamba kuyenda pansi panga,
mbali iyi, mbali iyo,
ndipo chiboda chakumbuyo chikuponda
pamene chakutsogolo changochokapo,
kenako kupitirira pang'ono.

Ndawerama, ndakunga lamba, zibowo ziwiri.
Sanazindikire.

Tsopano kathamangidwe kakang'ono,
kukwera, kutsika, kukwera, kutsika,
fungo la ubweya wofunda likukwera m'khosi mwake,
zala zanga zayamba kumva zingwe.
Tadutsa pakati penipeni pa bwalo.
Ndazindikira titadutsa kale.

A Amândio akhuthulira pansi khofi wotsala,
ayang'ana wotchi, yomwe inaima kalekale.
Phunziro lenileni silinayambe:
kuyenda cham'mbali, kuima nji pa chizindikiro,
zonse zomwe ndinalipirira.

"Mmodzi wafunda," akutero.
"Zungulirani kachiwiri, tione winayo."

Sananene kuti ndani.
Junco akutafuna chitsulo chake mwakachetechete,
ndipo dzuwa, lotuwa ngati mbale yakale,
layamba kuboola nkhungu kumbali ya njanji.