Galu Wamapepala

Pamalo omwetsera mafuta, mumsewu wa ku Córdoba,
ndimayamba ntchito sikisi koloko isanakwane.
Mwezi wa Ogasiti dzuwa limandipeza ndikutsegula loko.
Tsikulo ndinamupeza atamangiriridwa ku pampu ya mpweya,
chingwe chachikopa, mfundo ya munthu wosamala,
pambali pake kambale ka madzi,
ngati kuti kambale kangalipire mlandu.

Ubweya wotuwa ngati phulusa la m'mawa,
maso ngati uchi wa m'botolo,
zikhatho zosazolowera phula lotentha.
Sanauwe. Sanandiyang'ane n'komwe.
Galimoto yofiira ikakhotera kuno
ankadzambatuka, mchira n'kuyamba,
kenako mchira n'kuleka.
Ndinawerenga zofiira khumi ndi zinayi
dzuwa lisanafike paliwombo.

Opita kunyanja, maambulera ali padenga la galimoto,
ankatsitsa galasi: "Komatu uyu ndi wandalama!"
Wina anatchula mtengo wake akadali kamwana,
woposa malipiro anga a mwezi wathunthu.
Anadzaza thanki, anagula ayezi, ulendo.

Madzulo kunabwera Eulogio, dokotala wa ziweto,
anayendetsa kamakina pakhosi pake, kanati tii,
galu uja n'kukhala ndi dzina:
mawu anayi, lalitali kuposa langa,
makolo ake olembedwa mpaka mibadwo isanu.
Ine wanga mzere umathera pa atate a atate anga.

Tinaimba nambala ija.
Anayankha bambo, kumbuyo kwake mafunde ndi kuseka kwa ana.
"Galu ameneyo anafa chaka chatha."
Wakufayo, atamva mawuwo, makutu tcheru,
anakoka chingwe mpaka kutsamwa,
akununkhiza foni m'dzanja langa.
Foni inaduka.

Unkagula chiyani tsiku lija, bambo iwe?
Ubweya wogwirizana ndi mpando wa pabalaza?
Chithunzi cha Khirisimasi, kariboni pakhosi?
Sanakuuze kuti riboni imatha pa sabata
koma galu amadya zaka khumi ndi ziwiri,
amatafuna nsapato yatsopano,
amadwala Lamlungu usiku zipatala zitatseka,
amafuna kuthamanga tsiku lomwe iwe watopa?
Pepala lija linakuuza za magazi ake.
Za ako linakhala chete.

Ndisadzichemerere.
Anatsamira mutu pabondo panga, mtima unati mutenge.
Koma ndimakhala m'chipinda chimodzi, nyumba yosanja,
mayi Sagrario, eni ake, salola ngakhale mbalame,
ndipo maola khumi ndimakhala pano.
Chikondi cha tsiku limodzi
ndicho chinamufikitsa pa pampu iyi.
Sindinafune kumukonda motero kachiwiri.
Ndinamukweza m'galimoto ya Eulogio,
ndinakalirira kuseri kwa mabotolo a gasi.

Kosungira agalu otayidwa anakhala masabata asanu ndi awiri
pakati pa anzake amapepala ndi opanda mapepala,
onse akudyera mbale zofanana.
Kenako kunafika Nicasio, wa munda wa maolivi.
Anamufunsa za mpanda, za ndalama ya katemera,
za amene adzatsale naye galu iye akadzagonekedwa m'chipatala.
Anapsa mtima, akuti, anabwerera.
Lachisanu anabweranso ndi mwana wake wamkazi
kuti ayankhe funso lomaliza lija.

Mawu anayi aja anawasiya mu fayilo.
Amamuitana Humo, utsi m'chinenero chathu.

Amadutsa pano Lachinayi, m'kagalimoto koyera konunkha dizilo.
Yofiira ikakhota, makutu amaimabe,
pang'ono chabe,
kenako mutu umabwerera pantchafu ya Nicasio.

Chingwe chija ndinachisunga m'dirowa ya ndalama,
pansi pa malisiti.
Palibe amene wabwera kudzachifunsa.
Ogasiti akafika ndimayamba ndazungulira kuseri,
kukayang'ana pa pampu,
ndisanagwire loko.