Geti Nambala 47

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndinkaimitsa Rajasthan ndi mkono umodzi.
Belu likalira m'kanyumba kanga
ndinkatuluka, kugwira chitsulo chopukusa,
mtanda wa mizere yofiira ndi yoyera
n'kutsika pang'onopang'ono
ngati chikope cha ng'ombe yokhuta.
Thirakitala inkaima. Basi ya ku Phulera inkaima.
Ngamila ya Pemaram, yokoka ngolo ya anyezi,
inkaima n'kuyang'ana kumwamba
ngati nkhaniyo si yake.
Ngakhale mkwati pakavalo anaimapo pano,
oliza malipenga akupukuta thukuta,
apongozi maso pawotchi,
kudikira kuti simenti ya eni idutse.

Munda wa Sugna unali mphindi zimenezo,
khumi ndi ziwiri, tsiku labwino makumi awiri.
Mtanda ukatsika ankakolezera chitofu,
n'kulowa pakati pa magalimoto
ndi timakapu tadothi pambale yachitsulo,
tiyi wamkaka, wajinja, wowotcha milomo.
Ana ake atatu anaphunzira sukulu
ndi kuchedwa kwa anthu ena.

Kenako anafika a zipewa zachikasu.
Anakhoma zikhomo m'mapira a Girdhari,
anaunjika dothi mpaka linabisa kachisi,
pamwamba n'kuyala njanji ya katundu yekhayekha,
mawaya a magetsi ali m'mwamba zedi
kuti makontena akwane atasanjikizana awiriawiri.
Pansi pake anaboola phanga la konkire.
"Palibenso adzadikire pano, amalume,"
anatero Mrunal, injiniya wa ku Pune,
mtsikana wa nsapato zolemera kuposa iye mwini.
Anamwa tiyi wa Sugna zaka ziwiri osaphonya,
osakongolako ngakhale kamodzi.
Ananena akumwetulira, ndipo sananame.

Sitima zatsopanozi sizindidziwa.
Zakale zinkandipatsa moni ndi hutala,
dalaivala n'kutulutsa dzanja pazenera
akaona mbendera yanga yobiriwira.
Izi zimangoti fyuu pamwamba pa mitu yathu,
mzinda wathunthu wa mabokosi ukusamukira kudoko.
Ndinayesa kuwerenga tsiku lina,
ndinasokonezeka pa makumi asanu ndi anayi.

Musandimve molakwa.
M'buku langa la ntchito muli tsamba
limene ndimalilumpha ndi chala:
mnyamata wogulitsa mkaka,
amene anawerama pansi pa mtanda ndi njinga yake
chifukwa dzuwa linkamuwonongera malonda.
Ndinakuwa. Mawu anga anachepa.
Mkaka unayenderera m'miyala ya njanji
kufikira kumapazi kwanga.
Phangali likanakhalapo nthawi imeneyo
bwenzi pano ali ndi ndevu
ndi ana omuvutitsa.

Lachiwiri ndinabweza makiyi,
mbendera ziwiri, nyali, ndi wenzulo yosweka.
Kalaliki anawerenga zonse kawiri,
ndinasaina, iye n'kudinda.
Mtanda anauzula ndi kireni
ngati dzino lomwe linasiya kale kupweteka.

Lachisanu mvula inagwa usiku wonse.
Kutacha, phanga linali litamwa madzi mpaka m'chiuno,
pampu itakana kudzuka,
magalimoto atandanda kukafika kusukulu,
mahutala ali pokopoko,
ngamila ya Pemaram ili patsogolo penipeni
ikuyang'ana kumwamba.
Pamwambapo sitima inkadutsa, youma, yosunga nthawi.

Sugna sanadikire womuuza.
Ndinangomva fungo la palafini,
kenako kugundana kwa timakapu.
Ine mkono wanga unakwera wokha
kufunafuna chitsulo chomwe palibe,
ndipo poubweza ndinaupisa m'thumba.
Ndinatulutsa ndalama.

Zaka zonsezi ndinkamwa ulere,
poti ndine ndinkamugwirira makasitomala.
Anayang'ana ndalamayo, n'kundiyang'ana ine.
"Imani pamzere," anatero,
"mwafika mochedwa."