Kafupa ka Kuseri kwa Khutu

Ndimameta anthu ku Epworth, pa Overspill,
pansi pa lata limodzi ndi kalilole wong'aluka.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
zala zanga zikuyenda pa mitu ya eni ake,
ndiye musanditsutse za bade la munthu:
ndimalidziwa kuposa dokotala wa ku Gomo.

Kuseri kwa khutu, cham'munsi pang'ono,
pali kafupa kotukuka ngati nzama.
Kagwireni. Mwakapeza?
Kanuko n'kogona. Kanganso n'kogona.
Koma magetsi akathima, makina ali ziii,
ndimakhala pa benchi kuyang'ana miyala yosanjikizana ija,
ndipo ndimawaona, eni ake enieni a kafupaka.

Ankakhala pano Mukuvisi asanasankhe kolowera,
pasanamangidwe ngakhale khoma limodzi la Harare.
M'chinenero chawo munalibe mawu oti "ndachedwa".
Mtsuko ukasweka pa chitsime,
mayi ankangopotokola kafupa ndi chala chachikulu,
mapale n'kukumbatirana,
madzi n'kutuluka m'dothi mwamanyazi.
Mlenje ankadya lero nyama yomwe adzaphe mkucha.
Anyamata awiri opulupudza anapinda chilala cha zaka zitatu
n'kuchitha masana amodzi,
ndipo anakalipiridwa chifukwa sanapemphe.

Sinawathe ndi nkhondo, ayi.
Anayamba kukana maliro.
Aliyense anali ndi dzulo lake losafuna kulitaya:
uyu akukokera dzuwa m'mbuyo kuti mwana apumenso,
uyo akulikankha kuti bala lake lipole msanga,
mpaka tsiku linang'ambika pakati
ngati chitenje cholimbirana.
Mudzi umodzi, m'mawa makumi anayi.
Mwamuna ankaitana mkazi wake ali m'nyengo yokolola,
mkaziyo n'kuyankha "wawa" ali m'dzinja lapitalo.
Chimanga chinasokonezeka, chinaleka kumera.

Kenaka phiri linagumuka pamwamba pawo.
Kamodzi kokhako anagwirizana:
zala zonse kuseri kwa makutu, diii!
Miyala inaima m'malere.
Tifupa tinatheratu mphamvu pomwepo,
ndipo iwo anayamba kukalamba ngati ife,
motsatira mzere, wopanda kudumpha.
Alendo amabwera kudzajambula miyalayo,
amati inakhazikika bwino.
Ine ndikuti ikugwabe.
Kungoti sinauzidwe kuti nthawi inayambanso kuyenda.

Mukuseka, bambo Chimtengo? Sekani, koma musagwedeze mutu,
lezala ilibe chibale.

Zelipa wanga anatsikira ku Gomo Lachiwiri,
mvula ya Febuluwale ikudontha pa khonde la wodi.
Sindipempha kuti adzuke, ndinamva zomwe zinawaonekera aja.
Ndikungofuna m'mawa umodzi, wa Lolemba lake,
pomwe anandifunsa ali pa khomo, dengu la tomato pamutu,
"Kodi nsapato izi zikundikhala?"
ine maso ali pa foni, kuwerengera reti ya dola,
ndinangoti "mmm".
Zinali zobiriwira. Kapena zabuluu.
Mwaona? Ngakhale zimenezo sindikudziwa.

Ndiye usiku, makombi akaleka kukuwa "Town! Town!",
ndimadina kafupa kanga mpaka khutu kulira.
Palibe chibwerera.
Tambala wa a Mhlanga amalira nthawi yake yomweyo,
ngongole ya lendi siyicheperako.

Koma dzana kunabwera kamnyamata, Takunda,
kometetsa ndi ndalama zachitsulo zotentha m'manja.
Chala changa chitafika kuseri kwa khutu lake
ndinamva kugunda, osati kwa mtsempha.
Tsitsi lomwe linali litagwa pa phewa
ndinaliona likunyamuka, limodzi lokha,
kubwerera kumutu.
Mwina inali mphepo. Lata langa lili ndi mabowo.

Sindinamuuze kanthu.
Ndinamupukuta m'khosi, ndinamubwezera ndalama zake,
ndinati: thamanga, amayi ako akudikira,
ndipo akakufunsa kanthu ali pa khomo,
uwayang'ane.