Kope la Lachinayi

Zaka zisanu ndi ziwiri kope linali kwa ine,
lachikuto chobiriwira, lomanga ndi mphira,
ndinkalibisa pamwamba pa kabati
kuti chinyontho cha Kanyama chisalidye.
Wolemba ndinali ine:
Faidesi, mtanda wa sopo.
A Njobvu, makala theka la thumba.
Amake Tikambenji, makwacha khumi, ati ena mwezi ukatha.
Pamwamba pa tsamba, dzina la amene zamugwera.

Dzanja langa silinkanjenjemera.
Tsoka la mnzako limalembeka mowongoka.

Kenaka Januwale, madzi atalowa m'nyumba osaodira,
a Sandikonda anabwera kuchokera ku ulonda ku Makeni
pakamwa patapotoka,
akuitana dzina langa, koma lotuluka theka.
Tinawakweza pa wilibala mpaka kuphula.
Wokankha anali Yotamu wakwaya,
yemwe uja ndinamudzudzula pagulu chifukwa cha kametedwe.
Matope m'mawondo, sananene kanthu.

Ku UTH benchi ndi louma, usiku sutha.
Lachinayi ndinavalabe bulauzi yoyera,
ndinafika ku Chigwirizano kope lili m'khwapa,
ndinati tiyambe, kuli wodwala ku Chibolya.
Zelipa anagwira cholembera ndisanachivundukule.
Zelipa yemweyo: miyezi inayi osapatsana moni
chifukwa cha ngalande yake yothira pakhomo panga.
Anati, bweretsa.
Ndinati, ife tili bwino.
Anati, bodza m'nyumba ya Mulungu, Esinati? Bweretsa kuno.

Analemba dzina langa mopendama, zilembo zikugwerana,
ndipo ndinaliona pamwamba pa tsamba.
Manyazi ake, ngati chitenje chamasuka pakati pa Soweto.

Sindinama, si zonse zinali zokoma.
Wina anapemphera mpaka phala linazizira.
Wina anandinong'oneza kuti ndifufuze kwa achibale.
Ena anabwera sabata yoyamba yokha,
maso ali pa mipando yathu.
Nanenso ndinakwiyira Mulungu,
ndinamuuza mawu amene sindingawabwereze pano.

Koma mwamuna wamkulu ndi wolemera kumutembenuza,
ndipo a Chulu, mkulu wa mpingo, amafika tambala asanalire,
kuvula jekete, kupinda malaya,
kusambitsa mnzawo ngati khanda, akumuuza za mpira.
Faidesi amatenga zofunda zonunkha
n'kuzibweza zitauma, osakwinya mphuno.
Magetsi atazima, Zelipa anakhala nane mumdima.
Sitinaimbe. Sitinakambe za ngalande.
Ankangosenda mtedza m'mbale,
ine n'kumamva kuti pali munthu.

Ndipo m'mawa wina ndinatsegula chitseko
n'kupeza njerwa khumi ndi zitatu zitandandalikidwa m'madzi
kuchokera pakhonde mpaka pouma,
motalikirana ndendende ndi phazi la mkazi wosenza mtolo.
Ndinafunsa Lachinayi. Onse anayang'ana pansi.
Ndinafufuza m'kope, tsamba ndi tsamba.
Mulibe.

Tsopano a Sandikonda amakhala pampando panja,
dzanja lamanzere lili pamwendo ngati mlendo.
Amati "Esi," n'kupuma, kenaka "nati."
Ndimadikira. Ndaphunzira kudikira dzina langa.
Kuchira kwenikweni sikunabwere,
lendi ikadali ngongole ya miyezi iwiri,
ndipo kope likadali kwa Zelipa.
Sindinalipemphe. Amalakwitsa masamu,
ndimamukonzera chapansipansi.

Dzulo mitambo yaunjikananso cha ku Chawama.
Mwana wa Faidesi akutsokomola sabata yachitatu,
ndipo khomo lawo ndi lotsika kuposa lathu.
Faidesi akuti ali bwino.
Ndikuwadziwa mawu amenewo, ndinawalawa.

Ndadikira mpaka mabala atseke, agalu atope.
Njerwa ndi zolemera kuposa mmene zimaonekera,
ndikunyamula ziwiriziwiri, m'chitenje, kumsana,
ndikuyenda m'mbali mwa mpanda
kuti wina asandione n'kukalemba.