Wosunga Makiyi

Ndimafika ndine woyamba, dzuwa lisanatuluke
kuseri kwa milu yachikasu ya migodi yakale.
Minibasi imanditula ku Rosettenville
chisanu cha Juni chikuluma zala ngati linthumbu.
Ndimatsegula geti, zimbudzi, makalasi makumi awiri ndi atatu.
Makiyi onse amalira m'chiuno mwangamu
koma palibe amandifunsa zomwe ndimaona kuseri kwa zitseko.

Lolemba lina anandiitana ku ofesi.
"Malawi," ndilo dzina langa kuno,
la Chimwaza linatsalira pa Beitbridge,
"katulutse desiki ya pazenera mu Giredi 11.
Mwini wake sabweranso."
Ndinaisenza. Inali yopepuka.
Kunsi kwake kunamatirira chingamu chouma,
pamwamba dzina lozokota ndi kampasi: Refentse,
ndi samu ina yosamaliza.

Refentse ndimamudziwa.
Ndi uja anandilozera waya wopserera m'bokosi la magetsi
tsiku lomwe holo inachita mdima,
uja anam'kaniza kalasi ya zamakina
ati ovolosi sikhala bwino pa mtsikana.
Tsopano yunifolomu yam'thina pamimba.
Mnyamata wakeyo akadali pamzere wachitatu.
Loweruka wagoletsa zigoli ziwiri,
mmawa uno amuombera m'manja sukulu yonse.

Desikiyo ndinakaisiya mosungira katundu
pakati pa zitini za penti ndi mipando yothyoka miyendo.
Iyo inalibe pothyoka.

Mayi Dlomo anandipeza ndikukolopa khonde.
Zaka khumi ndi zinayi akuphunzitsa sayansi,
pamsonkhano ndiwo amatumidwa kukatereka ketulo,
mpando waukulu unawadumpha
kukagwera mnyamata amene anam'phunzitsa kugwira choko.
"Bambo Chimwaza," anatero,
ine kucheuka kufuna mwini dzinalo,
"sukulu ya boma sichotsa mwana chifukwa cha mimba.
Ndalembera a ku ofesi ya maphunziro.
Kuno akuti anasiya yekha.
Desiki munanyamula ndinu. Anakutumani ndani?"

Ndinayang'ana madzi akuda m'ndowa.
Pepala londilola kukhala m'dziko muno litha mu Novembala.
Mlendo ndi mame, amatero kwathu,
ndipo mame satsutsana ndi dzuwa.
Lendi ya kachipinda ku Turffontein,
fizi ya ana awiri ku Ntcheu,
zonse zapachikika pa mphete ya makiyi iyi.
Ndinati ndikaganize.

Usiku sindinagone. Kunabwera Ndaziona, mlongo wanga,
amene ankandisovera masamu pa kuwala kwa koloboyi.
Chaka chomwe mbuzi inali imodzi yokha
anaigulitsira ine, iye anam'patsa khasu.
Mtolo wake wopita nawo kubanja
ndinasenzanso ndine,
ndipo nawonso unali wopepuka.
Kodi ndinabadwira kunyamula
zomwe ena akufuna zichoke pamaso?

Mmawa ndinasaina.
Dzanja linanjenjemera, C anatuluka ngati chikwakwa,
koma ndinalemba lonse mpaka kumapeto,
ndi tsiku, ndi ola, ndi mawu amene anandiuza.

Masabata atatu tsopano, yankho silinafike.
A ku ofesi aleka kundipatsa moni.
Ketulo akuterekabe Mayi Dlomo,
ngakhale Lachinayi anakhala phee pampando
mpaka bambo wina ananyamuka yekha, akung'ung'udza.
Atsikana awiri a Giredi 9 aima pakhomo la zamakina,
sanalowe, komanso sanachoke.

Ine lero ndafika isanakwane faifi.
Ndapukuta fumbi, ndapala chingamu chija,
dzina ndalisiya momwe lilili.
Ndaisenza kudutsa khonde lonse mumdima
n'kuitula pamalo pake, pazenera,
pomwe miyendo yake inasiya zipsera zinayi pasimenti.
Akafuna ichoke aitane wina.
Belu lilira posachedwa.
Ndaima pageti, makiyi m'manja,
ndikuwerenga nkhope zotsika m'minibasi.