Mtanda wa Paini

Chaka chonse umagona pamwamba pa bafa,
pakati pa mpando wothyoka ndi tayala la njinga,
mtanda umene bambo anapala
ndi matabwa otsala a ku Chikangawa.
Lachinayi madzulo timautsitsa anthu atatu,
kuupukuta zitosi za abuluzi,
kuugogoda, kumva ngati chiswe chatisiyirako Pasaka.

Bambo ankati mtanda usamapepuke kwambiri,
anthu angaone kuti ndi sewero;
usamalemerenso,
Yesu wake ndi mwana wa eni,
sabata yamawa ali ndi mayeso ku Katoto.

Chaka chino Yesu ndi Fwasani, mng'ono wanga,
yemwe sadzuka m'mawa osamuwaza madzi.
Ndevu tamumata za ulusi wa juzi yakale,
mkanjo ndi nsalu ya pabedi la alendo.
Amayi anena kale: ikang'ambika usabwerenso kuno,
ngakhale utauka kwa akufa.

Lachisanu kwacha ndi kamvula ka Mzuzu kaja,
kosagwa, kosaleka, kongolowa m'mafupa.
Tanyamuka ku Chiputula nkhungu ili m'maondo.
Zipewa za makatoni za asilikali a Chiroma
zikufewa ngati buledi mu tiyi.
Akabaza aima pambali, manja pa mahandulo,
wina wavula kapusi,
wina akufunsa mnzake kuti mnyamatayu wananga vichi.

Pamphambano ya ku Chibavi wagwa.
Sikunali kugwa kolembedwa m'buku:
matope ofiira amuterereza zenizeni,
bondo lasupuka,
magazi ake asakanikirana ndi aja a utoto.
Amayi, amene analumbira kuti chaka chino salira,
aswa mzere wa kwaya, chitenje m'manja,
mpaka Pilato wawagwira mkono:
"Mama, mulekeni akafike."

Bambo ankayenda kumbuyo kwenikweni,
hamala ndi misomali m'thumba la jekete,
kuopa kuti mtanda ungagwedere panjira.
Lero hamalayo ili m'thumba langa.
Ikundigunda ntchafu ndikaponda paliponse.
Sindinaitulutse.
Kukhoma komwe sindikudziwa bwino.

Loweruka nyumba ili zii,
wailesi taifunditsa kansalu.
Tambala womangidwa mwendo kuseri kwa khitchini
akulira nthawi yolakwika.
Dokiso wamutcha Baraba,
koma tonse tikudziwa kuti uyu samasulidwa.
Amayi akusankha mpunga wa ku Karonga,
kuchotsa timiyala kamodzikamodzi
ngati akuwerenga amene sabwera:
Suzgika ali ku Joni, mapepala sanatheke;
azakhali a ku Ekwendeni miyendo yakana;
winayo sitimutchula,
mbale yake timangoitsuka pamodzi ndi zinzake.

Lamulungu kudakali mdima
timadzera kumanda ku Zolozolo.
Sitinyamula maluwa.
Timanyamula khasu ndi fulasiki ya tiyi.
Fwasani, akutsimphina, akuzula chisoso kumutu kwa bambo,
akuwauza kuti mtanda unalimba,
kuti iye anagwa kanayi m'malo mwa katatu
ndipo kachinayiko palibe anamuuza.
Amayi aseka mpaka tiyi watayika,
kenako atembenukira ku Kaning'ina
kumene dzuwa likukankhana ndi mtambo,
ndipo kwa kanthawi sitikuwaona nkhope.

Mabelu ayamba, la kuno ndi la kutsidya,
osagwirizana, ngati chaka chilichonse.
Tithamanga, nsapato zabwino zili m'jumbo,
tikavalira pakhomo la tchalitchi.

Masana Baraba wafika patebulo ndi mpunga.
Foni yatsamira botolo la Fanta
kuti Suzgika naye akhale nafe;
akudukaduka mawu, akufunsa amene wadya nthutumba.
Inali ya bambo.
Palibe wayankha. Amayi aiika m'mbale mwanga.

Mawa mtanda ubwerera pamwamba pa bafa.
Nsalu ya alendo ili pachingwe,
sinang'ambike,
koma banga la bondo lakana sopo kawiri.
Amayi ati basi, isachapidwenso,
ipindeni choncho.